Phunziro 14: Kodi zamoyo zimasinthika bwanji?

Phunziro la sabata ino ndi lalitali pang'ono, ndiye musathamange nalo. Werengani chigawo chimodzi, pumani, kenako muwawerengere amayi kapena mng'ono wanu mokweza. Mawu amene akukuvutani muwadule mzere kunsi, tidzawaonere limodzi Loweruka.

Ambiri a inu nkhaniyi munaimvapo kale kusukulu. Aphunzitsi a sayansi amaitchula kuti evolution. Ife tiikamba m'Chichewa, ndipo muona kuti chinenero chathu chili ndi mawu amene amaifotokoza bwino zedi. Funso lathu ndi limodzi: mtundu wa nyama, mbewu kapena tizilombo ukamasintha pakapita zaka, chimachitika n'chiyani kwenikweni?

Mawu oti muwadziwe musanayambe

Mtundu: gulu la zamoyo zofanana zimene zimaberekana zokhazokha, monga mbuzi ndi mbuzi, nkhuku ndi nkhuku.
M'badwo: agogo ndi m'badwo umodzi, makolo anu ndi wachiwiri, inu ndinu wachitatu. Ikachuluka timati mibadwo.
Kutengera: kubadwa ndi chinthu chofanana ndi cha kholo lako, monga mphuno kapena msinkhu.
Khungwa: chikopa cha mtengo. Akachuluka ndi makungwa.
Ndere: tizomera tonga utoto timene timamera pamiyala, pamakungwa ndi m'madzi.
Mwaye: zakuda zimene utsi umasiya pakhoma kapena padenga.
Kusefa: kudutsitsa ufa pa sefa kuti wosalala ugwe pansi, misere itsale.

1. Tiyambire kumunda

Alimi amene amasunga mbewu yawoyawo kumudzi sadya chimanga chonse chimene akolola. Amasankha chachikulu, chodzaza bwino njere, n'kuchimangirira pamwamba m'khitchini kuti utsi uzichiteteza kwa anankafumbwe. Chimenecho ndiye chodzabzala mvula ikagwa. Chonyozeka chija chimapita kuchigayo. Chaka chamawa amachitanso chimodzimodzi.

Tsono taganizani anthu akuchita zimenezi kwa zaka masauzande. Chimanga chinayambira ku Mexico zaka pafupifupi 9,000 zapitazo. Kholo lake ndi udzu wakutchire wotchedwa teosinte, umene umabereka tinjere tochepa, mwina 5 mpaka 12, tokutidwa ndi chikhokho cholimba ngati mwala. Mutauona simunganene kuti nsima ingachokere mmenemo. Koma alimi akumeneko ankasunga mbewu ya udzu umene wabereka bwinoko kuposa unzake, m'badwo ndi m'badwo, mpaka panatuluka chimanga chimene tikuchidziwachi. Palibe mlimi mmodzi amene anaona kusintha konseko ndi maso ake. Paja akuluakulu amati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Kumunda wosankha ndi mlimi. Nanga kutchire, kopanda mlimi, amasankha ndani?

2. Anthu awiri amene anayankha funsoli

Charles Darwin anabadwira ku Shrewsbury, ku England, m'chaka cha 1809. Kuyambira 1831 mpaka 1836 anayenda kuzungulira dziko pa sitima yapamadzi yotchedwa Beagle, akutolera mbewu, nyama ndi mafupa akale. Mu 1835 anafika pa zilumba za Galápagos, kunyanja yaikulu kumadzulo kwa Ecuador, ndipo anaona kuti zamoyo za pachilumba china zimasiyanako ndi za pachilumba choyandikana nacho. Atabwerera kwawo anakhala zaka zoposa 20 akuganizira nkhaniyi, mpaka anayamba kuweta nkhunda kuti aone mmene oweta amasinthira mtundu posankha.

Mnzake wina, Alfred Russel Wallace, anali kutali pa zilumba zimene lero zili m'dziko la Indonesia. Mu 1858, ali chigonere thupi litatentha, maganizo omwewo anamufikira payekha, ndipo anawalemba n'kuwatumiza kwa Darwin. Zolemba za awiriwa zinawerengedwa pamodzi ku London pa 1 July 1858, ndipo chaka chotsatira, 1859, Darwin anatulutsa buku lake lotchuka, On the Origin of Species.

Yankho lawo tingaliike m'mfundo zinayi. Muziloweze, chifukwa phunziro lonseli laima pa zimenezi.

Yoyamba: ana a mayi mmodzi safanana ndendende. Yang'anani anapiye a nkhuku imodzi, kapena inuyo ndi achimwene anu.

Yachiwiri: zambiri mwa zosiyanazo ana amatengera kwa makolo, n'kudzapatsiranso ana awo.

Yachitatu: zobadwa zimachuluka kuposa zimene zingakule. Chule amaikira mazira ambirimbiri, koma achule sanadzaze dziko. Ambiri amadyedwa, ena amafa ndi njala, ena dziwe limawaumira.

Yachinayi: zimene zabadwa ndi kanthu kowathandiza pamalo pamene zikukhalapo zimapulumuka zambiri ndipo zimasiya ana ambiri. Mibadwo ikamapita, kanthu kaja kamafala mu mtundu wonse.

Zimenezi ndi zimene timati kusankha kwa chilengedwe. Koma mawu oti kusankha asakusokonezeni. Chilengedwe sichikhala pansi n'kuganiza ngati mlimi uja. Chimagwira ntchito ngati sefa. Sefa saganiza, sakonda ufa, sadana ndi misere. Chokwana pa timabowo take chimadutsa, chosakwana chimatsala, basi. Kutchire sefa wake ndi njala, kuzizira, chilala, matenda ndi adani.

3. Agulugufe a ku Manchester

Kuno ku Britain kuli gulugufe wina wouluka usiku, wa mapiko oyera okhala ndi timadontho takuda, ngati wina wamuwaza tsabola wakuda. N'chifukwa chake Angerezi amamutcha peppered moth. Masana amapuma pamitengo. Akatera pa khungwa lokhala ndi ndere zotuwa, mbalame imavutika kumuona.

M'zaka za m'ma 1800 mzinda wa Manchester unadzaza ndi mafakitale a nsalu oyendera malasha. Utsi unapha ndere, mwaye unadetsa mitengo bii. Mu 1848 munthu wina anagwira gulugufe wa mtundu womwewu ku Manchester, koma wakuda thupi lonse. Pa nthawiyo anali wosowa kwambiri. Pofika 1895, agulugufe pafupifupi 98 pa 100 alionse a mtunduwu ku Manchester anali akuda. Sizinathe ndi zaka 50 zomwe.

Chinachitika n'chiyani? Tiyeni tigwiritse ntchito mfundo zathu zinayi zija. Agulugufe anali osiyana: ambiri oyera, ochepa akuda. Kudako ana ankatengera. Mbalame zinkadya ambiri tsiku ndi tsiku. Pamtengo wakuda ndi mwaye, woyera ankaonekera patali ngati mpunga wogwera pa makala, pamene wakuda ankabisika. Ndiye oyera ankadyedwa ambiri asanaikire mazira, akuda n'kumatsala, n'kumabereka. Gulugufeyu amakhala ndi m'badwo umodzi pachaka, choncho chaka chilichonse akuda ankawonjezekerako.

Nanga wakuda woyambayo anachokera kuti? M'thupi la chamoyo chilichonse muli malangizo a kapangidwe kake, olembedwa mu DNA. Tizigawo ta malangizowa timatchedwa majini. Eee, ndikudziwa, agogo akamva mawu amenewa aganiza za mizimu yoipa, muwauze kuti awa ndi ena! Malangizowa akamakoperedwa kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana, nthawi zina pamalowa kusintha kwangozi. Mu 2016 akatswiri a ku yunivesite ya Liverpool anapeza malo enieni mu DNA ya gulugufeyu pamene panasintha, ndipo anawerengera kuti zinachitika cha m'ma 1819. Mwaye sunapange gulugufe wakuda. Iye anangobadwa choncho mwangozi, kenako mwaye unamupatsa mwayi.

Nkhaniyi sinathere pomwepo. Mu 1956 boma la Britain linakhazikitsa lamulo lochepetsa utsi m'mizinda. Mpweya unayamba kuyera, mitengo inayera, ndere zinabwerera. Tsopano woonekera patali anali wakuda uja. Lero agulugufe akuda a mtunduwu ndi osowanso. Katswiri wina wa ku Cambridge, Michael Majerus, anafuna kutsimikiza kuti ndi mbalamedi zimene zikuchititsa zimenezi. Kwa zaka zingapo, mpaka 2007, anaika agulugufe 4,864 pamitengo ya m'munda wa kunyumba kwake n'kumayang'anira kuti mbalame zikudya ati. Anapeza kuti pamitengo yoyera, akuda ndiwo ankadyedwa kwambiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha, eti?

Ndiye ndikufunseni: gulugufe wabwino ndi uti, woyera kapena wakuda? Yankho n'lakuti zimadalira mtengo umene waterapo komanso chaka chake. Sefa akasintha, zodutsa zimasinthanso.

4. Kagalamala pang'ono: kudzisintha ndi kusinthika

Apa Chichewa chitithandiza. Taonani ziganizo zitatu izi:

Mphatso waswa mbale.
Mbale yaswedwa ndi Mphatso.
Mbale yasweka.

M'chiganizo choyamba ndi chachiwiri tikudziwa amene wachita. M'chachitatu tangonena zimene zachitikira mbale, osaloza munthu chala. Aneni ambiri ali ndi mchira umenewu wa -ka: kuthyola ndi kuthyoka, kung'amba ndi kung'ambika, kusintha ndi kusinthika. Palinso kachidutswa ka -dzi- kamene kamasonyeza kuti munthu wachita chinthu pa iye mwini: kudzicheka, kudziona, kudzisintha.

Bilimankhwe, amene ena amati nanzikambe, amadzisintha. Yemweyo mmodzi, m'mawa wobiriwira, masana woderako. Koma gulugufe wa ku Manchester sanadzisinthe. Wobadwa woyera anafa ali woyera, wobadwa wakuda anafa ali wakuda. Chimene chinasinthika ndi mtundu wonse, kutanthauza kuchuluka kwa akuda poyerekeza ndi oyera, m'badwo ndi m'badwo. Ana ambiri amalakwitsa pamenepa pa mayeso. Amalemba kuti gulugufe anaona kuti mitengo yada ndiye anaganiza zoda. Ayi ndithu. Chamoyo chimodzi sichisankha chibadwa chake. Mukakumbukira kusiyana kwa kudzisintha ndi kusinthika, funso limeneli simudzalakwa.

5. Malungo ndi mankhwala amene anasiya kugwira ntchito

Chigawo ichi ndi cha kuntchito kwanga monga namwino, ndipo ndi chimene ndikufuna muchimvetse koposa zonse, chifukwa chimakhudza moyo wa abale athu.

Malungo amayamba ndi tizilombo tating'ono kwambiri timene udzudzu umalowetsa m'magazi ukaluma munthu. Kwa zaka zambiri mankhwala ake anali chloroquine, mapiritsi owawa kwambiri, otsika mtengo, ndipo ankachiza msanga. Afunseni agogo kapena makolo anu, ambiri akuwakumbukira, ena mpaka ankamva nawo kuyabwa thupi lonse.

M'thupi la munthu mmodzi wodwala malungo mumakhala tizilombo mamiliyoni ambirimbiri, ndipo sitifanana tonse. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, kumayiko a kum'mwera chakum'mawa kwa Asia komanso ku South America, kunapezeka tizilombo tobadwa ndi kusintha kwangozi kumene kunkatithandiza kupirira chloroquine. Munthu akamwa mankhwala, tizilombo wamba tinkafa, topirirato n'kutsala. Udzudzu unkatitenga n'kukatipatsira munthu wina. Mwaona? Sefa tsopano anali mankhwala enieniwo. Tizilombo tosamva chloroquine tinafika kum'mawa kwa Africa cha m'ma 1978 ndipo tinafalikira mayiko ambiri. Ana ankamwa mankhwala koma osachira, ndipo ambiri anamwalira.

Mu 1993 dziko la Malawi linakhala loyamba mu Africa kusiya chloroquine ngati mankhwala oyamba a malungo, n'kuyamba kupereka SP, amene ambiri amawadziwa ndi dzina loti Fansidar. Tsono tamverani chimene chinachitika. Akatswiri anayeza magazi a odwala ku Blantyre. Mu 1992, mwa odwala 100 alionse, pafupifupi 85 anali ndi tizilombo tokhala ndi chizindikiro cha kusamva chloroquine. Pofika 2000 anatsika kufika pa 13. Mu 2005 anayesanso chloroquine pa ana odwala malungo ku Ndirande, ndipo anachiza pafupifupi onse, 99 pa 100 alionse.

Zinatheka bwanji? Kupirira mankhwala kuli ndi mtengo wake. Kachilombo kopirira kali ngati munthu wovala chijasi cholemera. M'nyengo yozizira chijasicho chimamupulumutsa, koma kukatentha anzake opanda chijasi amamupitirira pa liwiro. Chloroquine atachotsedwa, tizilombo wamba tinayamba kuchulukana msanga kuposa topirira tija, mpaka tinatenganso malo. N'chimodzimodzi ndi agulugufe oyera amene anabwerera utsi utatha. Manchester ndi Blantyre zatalikirana kwambiri, gulugufe ndi kachilombo ka malungo n'zosiyana kwambiri, koma lamulo lake ndi limodzi.

Musaganize kuti nkhondoyo inatha. Nawonso SP anayamba kulephera pa chifukwa chomwecho, ndipo mu 2007 Malawi inasinthanso n'kuyamba kupereka LA, amene muli mankhwala awiri m'piritsi limodzi. Nzeru yake ndi yakuti n'kovuta kuti kachilombo kamodzi kabadwe kopirira mankhwala awiri nthawi imodzi. Kakapulumuka ku oyamba, achiwiri amakagwira.

Zomwezi zimachitika ndi mabakiteriya ndi mankhwala amene timati maantibayotiki, ndipo m'zipatala za kuno timakumana nazo kawirikawiri. Anthu ena amati, "Thupi langa linazolowera mankhwalawa." Si thupi lanu limene lazolowera, ndi tizilombo tosamva mankhwala timene tachuluka, ndipo tingathe kupita kwa mwana wakhanda wa m'nyumba mwanu amene sanamwepo mankhwalawo chibadwire. Choncho pali zinthu zinayi zimene ngakhale inu ana mungathandize:

Mankhwala azimwedwa monga mmene dokotala wanenera. LA amamwa kawiri patsiku kwa masiku atatu. Munthu akapezako bwino tsiku lachiwiri n'kusiya, angasiye tizilombo tina tamoyo m'magazi.

Mankhwala otsala si ogawana ndi abale, ndipo si otumiza kumudzi m'sutikesi ngati mphatso.

Chimfine chimayamba ndi mavairasi, ndipo maantibayotiki sapha mavairasi. Dokotala akakana kukupatsani, sikuti ndi wouma mtima.

Mukamapita kumudzi patchuthi, kaya ku Malawi, ku Zambia kapena ku Mozambique, akumbutseni makolo kuti mukaonane ndi adokotala ulendo usanafike, mulandire mankhwala oteteza ku malungo, ndipo kumeneko muzikagona m'neti. Inu okulira kuno matupi anu sanakumanepo ndi malungo, ndipo ngakhale makolo anu chitetezo chimene anali nacho chimachepa akakhalitsa kunja. Mukatentha thupi mutabwerako, uzani dokotala msanga dziko limene munapita.

6. Mtundu umodzi ungabale bwanji mitundu yambiri?

Mwina wina akuti, "Aunt, gulugufe wakuda ndi gulugufebe. Nanga mtundu watsopano umabwera bwanji?" Funso labwino. Pamafunika zinthu ziwiri zowonjezera: kupatukana ndi nthawi yaitali. Chitsanzo chimodzi chotchuka pa dziko lonse chili kwathu konkuja, m'nyanja ya Malawi, imene magombe ake ali ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Tanzania.

Nyanja imeneyi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse yozunguliridwa ndi mtunda pa dziko lapansi. Zambiri ndi za banja limodzi limene asayansi amalitcha cichlid. Akatswiri amayerekeza kuti mitundu yake ndi yoposa 700, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse mwachilengedwe. Atayeza DNA anapeza kuti yambiri mwa mitunduyi inachokera ku makolo amodzi, m'zaka pafupifupi miliyoni imodzi zapitazi. Kwa ife ndi kale kwambiri, koma pa mbiri ya zamoyo ndi dzulodzuloli.

Taonani mmene zidzukulu za makolo amodziwo zasiyanirana. Mbuna zimakhala m'miyala, ndipo zambiri zili ndi kamwa ndi mano oyenera kupala ndere pamwala. Utaka umasambira pamadzi oyera n'kumadya tizamoyo ting'onoting'ono toyandama. Mcheni ndi wautali, wa mano akuthwa, umasaka nsomba zinzake. Ilipo ina imene imagona cham'mbali pamchenga ngati yafa, tinsomba tikabwera kudzaona, iyo n'kutikhwatula. Pafupifupi zonsezi zili ndi khalidwe limodzi la kumtundu: mayi amasunga mazira ndi tiana m'kamwa mpaka titakhwima.

Kupatukana kumachitika chonchi. Mbuna zambiri sizikonda kuchoka pamiyala yawo n'kuwoloka mchenga kapena madzi akuya, chifukwa kumeneko zilibe pobisala. Ndiye gulu la pamiyala iyi limaberekana lokhalokha, gulu la pachilumba icho nalonso lokhalokha. Malo alionse ali ndi sefa wakewake: chakudya china, adani ena, kuwala kwina. Komanso zazikazi zimasankha zazimuna poyang'ana maonekedwe awo, kwina zimakonda zabuluu, kwina zachikasu. Pakapita mibadwo masauzande, magulu awiri aja amasiyana mpaka ngakhale atakumananso saberekananso. Pamenepo timati pali mitundu iwiri. Zimafananako ndi zinenero: Chichewa, Chitumbuka, Chishona ndi Chizulu zinachokera ku chinenero chimodzi chakalekale, anthu atabalalika chilichonse chinayenda njira yake, mpaka lero Mchewa ndi Mzulu samvana popanda womasulira.

Chifukwa cha nsomba zimenezi, malo otetezedwa a Lake Malawi National Park ku Cape Maclear anaikidwa ndi bungwe la UNESCO pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984. Ndipo mukalowa m'sitolo yogulitsa nsomba zoweta m'magalasi kuno, yang'anani bwino, mwina mupeza zolembedwa kuti mbuna. Dzinalo ndi la Chitonga cha m'mphepete mwa nyanja, cha ku Nkhata Bay. Muwauze anzanu kuti nsombazo kwawo ndi kwanu.

7. Mafunso awiri amene ana amakonda kufunsa

Kodi anthu anachokera kwa anyani? Asayansi sanena kuti nyani amene amaba chimanga kumunda ndi gogo wathu. Amati anthu ndi anyani akuluakulu otchedwa chimpanzi ali ndi kholo limodzi lakalekale, limene linakhalako zaka pafupifupi 6 kapena 7 miliyoni zapitazo. Inu ndi msuweni wanu muli ndi agogo amodzi, koma inu simunabadwe kwa msuweni wanuyo. Mafupa akale ambiri ofotokoza mbiri ya anthu anapezeka mu Africa. Ku Uraha, m'boma la Karonga, mu 1991 anafukula chibwano cha mtundu wakale wa anthu, cha zaka zoposa 2 miliyoni.

Nanga zimene timaphunzira kutchalitchi kapena kumzikiti? Mabanja athu ambiri ndi opemphera, ndipo alipo asayansi ndi madokotala ambiri opemphera amene amagwiritsa ntchito mfundo zimenezi tsiku ndi tsiku. Alipo anthu enanso amene amaziona mosiyana. Phunziro lino likufotokoza mmene zamoyo zimasinthikira, zinthu zimene tingaziwerenge ndi kuziyeza. Za mwini moyo ndi cholinga chake mukakambirane ndi makolo anu mwaulemu, ndipo mukawamvetsere mpaka amalize.

Ntchito A: Yankhani m'ziganizo zathunthu

1. Kodi kholo la chimanga ndi chiyani, ndipo linkamera kuti?
2. Lembani mfundo zinayi za kusankha kwa chilengedwe m'mawu anuanu.
3. N'chifukwa chiyani agulugufe akuda anachuluka ku Manchester, nanga n'chifukwa chiyani anachepanso?
4. Pa nkhani ya malungo, sefa anali chiyani?
5. N'chifukwa chiyani chloroquine anayambanso kugwira ntchito ku Blantyre?
6. Tchulani zinthu ziwiri zimene zimafunika kuti mtundu umodzi ugawike pawiri.

Ntchito B: Sankhani mneni woyenera

1. Bilimankhwe (amadzisintha / amasinthika) akakwiya.
2. Mtundu wa agulugufe (unadzisintha / unasinthika) m'zaka 50.
3. Nthambi (yathyola / yathyoka) ndi mphepo.
4. Malaya anga (ang'amba / ang'ambika) pamsana.
5. Chisomo (wadzicheka / wachekeka) ndi mpeni posenda mbatata.

Ntchito C: Konzani chiganizo cholakwika

"Tizilombo ta malungo tinaphunzira kupirira mankhwala chifukwa tinkafuna kukhala ndi moyo." Chiganizochi galamala yake ili bwino, koma sayansi yake ndi yolakwika. Chilembeninso molondola.

Ntchito D: Masewera a kunyumba

Pemphani amayi chitenje chofiirira, nyemba zofiira 20 ndi nyemba zoyera 20. Yalani chitenjecho pansi n'kumwazapo nyemba zonse. Mmodzi akhale mbalame: atembenuke kaye, kenako atole nyemba imodziimodzi ndi zala ziwiri kwa masekondi 15. Werengani zotsala mokweza m'Chichewa. Nyemba iliyonse yotsala ibereke mwana mmodzi, kutanthauza kuti muwonjezere ina ya mtundu womwewo. Bwerezani katatu, ndipo lembani chiwerengero cha zofiira ndi zoyera pa m'badwo uliwonse. Kenako sinthani, muyale nsalu yoyera, muyambirenso. Mukamaliza mutole nyemba zonse, zisatsale pansi pomwe pali mwana wokwawa.

Ntchito E: Funsani akuluakulu

Imbirani agogo, azakhali kapena amalume, muwapatse moni bwinobwino, kenako muwafunse mafunso awiri awa: "Kodi muli ana, mukadwala malungo munkamwa mankhwala anji?" ndi "Kodi mbewu yodzabzala munkaisankha bwanji?" Lembani mayankho awo m'ziganizo zisanu, mmene anenera iwowo. Mubwere nazo Loweruka pamodzi ndi ziwerengero za nyemba zija, tidzaziike pa bolodi tione ngati sefa wa nyumba zonse anasefa mofanana.